Dogiwudu wa Mayi Ozella

Chaka chimene a kampani ya magetsi anagwetsa mitengo ikuluikulu ya oki mu Msewu wa Hatcher, a Delmer Ownby ankadziwa chinthu chimodzi chokha chokhudza mitengo, chakuti basi ikagunda mtengo, wolakwa amakhala dalaivala. Anali atayendetsa basi za mumzinda zaka makumi atatu, mpaka maso awo atachita nkhungu boma n'kuwalanda laisensi. Za m'munda zinali za akazi awo, mayi Ozella. Mtengo wa dogiwudu wa pakhomo pawo anabzala ndi mayiwo, ndipo a Delmer ankauona kamodzi pachaka, mu Epulo, ukayera mbee ndi maluwa. Miyezi ina yonse ankangoudutsa ngati polo ya magetsi.

Koma tsopano mayi Ozella anali atatha zaka ziwiri kunyumba yosungira okalamba, kutsidya kwa mtsinje. Sitiroko inawapha mbali yakumanja n'kuwasiyira mawu ochepa, otuluka limodzilimodzi ngati akuchita kuwagula. Kubwera kunyumba kudzacheza sankaloledwa. Mwana wawo Renita, amene amakhala ku Texas ndipo ndi amene anasaina mapepala onse, analetsa zimenezo kuchokera tsiku limene anawabweretsa pa Khirisimasi, mayiwo n'kugwira chitseko ndi dzanja lamoyo lija kukana kubwerera, mpaka anthu anachita kuwamasula zala. Renita analira ulendo wonse wa pandege ndipo analumbira kuti zoterezi sizidzachitikanso.

Mwayi wotsala unali umodzi wokha, mzere wa pinki. Mumzinda mwathu muno mu Tennessee, Epulo akayandikira, a komiti ya maluwa amalemba mzere wa pinki pamsewu, wokhotakhota m'makwalala onse amene muli dogiwudu wooneka bwino, ndipo anthu amangoutsatira pagalimoto pang'onopang'ono ngati akuperekeza maliro. Basi ya kunyumba ya okalamba nayo imautsatira kamodzi pachaka. Msewu wa Hatcher ndi wosatulukira kwina, koma mzerewo unkalowamo, n'kuzungulira kumapeto pakhomo pa a Ownby penipeni, n'kubwerera. Epulo wapitayo mayi Ozella anaona nyumba yawo ndi mtengo wawo kwa kamphindi pawindo la basi, a Delmer ataima pambali pa mtengowo atamanga taye ngati akujambulitsa. Kamphindi kameneko mayiwo anakhala nako mumtima chaka chonse. Ndipo dokotala anali atawauza a Delmer mosapita m'mbali kuti mtima wa akazi awo watopa, ayembekezere Epulo akubwerayu koma winayo asamuike m'mutu.

Ndiye oki anagwa mu Meyi, msewu wonse n'kutsala pambalambanda. Dogiwudu ndi mtengo wamanyazi. Kuthengo umamera pansi pa inzake yaitali, ndipo dzuwa la masana sugwirizana nalo. Pofika pakati pa Juni, madogiwudu ena onse a mumsewumo anali atapsa masamba ngati awasita, eni ake n'kuwadula osataya ndi tulo tomwe. Kenaka inabwera kalata ya mayi Huffaker, wapampando wa komiti ya maluwa, yonena kuti adzayendera misewu yonse mu Febuluwale, ndipo msewu wopanda mtengo woti udzachita maluwa mzere udzaulambalala.

A Delmer anatuluka kukauyang'ana mtengo wa akazi awo, koyamba m'moyo kuuyang'ana ulibe maluwa. Nsonga za masamba zinali zitayamba kufiira. Anachita mantha, mantha enieni, oposa aja a tsiku limene basi inawathera mabuleki pamtsetse.

Tsiku lomwelo anazika mapolo anayi n'kukokapo lona. Mthunzi unali wabwino, koma unakhala masiku atatu okha. A bungwe la eni nyumba, anthu amene Mulungu anawapatsa nthawi yambiri n'kuwamana chochita, anawalembera kuti kutsogolo kwa nyumba sikuloledwa chomanga chilichonse, kaya cha matabwa, kaya cha nsalu. Popeza maso awo zilembo zing'onozing'ono sankaziona, a Delmer anapita ndi buku la malamulolo kwa a Burl Cagle, mnzawo wa tsidya lina la msewu, kuti awawerengere. A Burl anali wapositi wopuma ntchito amene chipembedzo chake chinali kapinga. Mitengo ankadana nayo chifukwa imagwetsa masamba. Anawerenga masamba onse makumi anayi, akupuma ndi tiyi wozizira, ndipo pamapeto a Delmer anafunsa ngati pali pamene akuletsa munthu kuima pakhomo pake atanyamula ambulera. A Burl anabwereranso m'mbuyo kufufuza. Panalibe.

Mawa lake, wani koloko itakwana, a Delmer anatuluka ndi chiambulera cha kunyanja chimene ankapita nacho kokasambira Renita ali mwana. Anachimangirira kumtengo wautali wopentera nyumba, tsinde lake n'kulikhazika mu lamba wonyamulira mbendera pa pelete amene a Burl anawabwereka. Anaima kumadzulo kwa dogiwudu, ambulera ili m'mwamba kupitirira denga la khonde, ndipo dzuwa likasuntha iwo ankasuntha nalo. Ankachoka faifi koloko. Anachita zimenezi Julayi yense ndi Ogasiti yense, kupatula Lachiwiri ndi Lachisanu, masiku okaona akazi awo, pamene ankapita m'mawa n'kubwerera chothamanga kuti dzuwa lisawapitirire.

A Burl ankatulutsa mpando n'kukhala pakhonde pawo kuonerera.

"Achimwene, nanga chisanu chikayamba mudzaugulira jekete?"

"Inuyo kapinga mumameta kawiri pasabata, mutu wanu kamodzi pachaka. Wamisala ndani apa?"

"Kapinga wanga sanandiimikepo padzuwa ngati mlonda."

"Amakugwaditsani. Ndimakuonani."

A bungwe la eni nyumba anakumana kawiri kukambirana nkhaniyi, ndipo anagwirizana kuti mtengo wa ambulera ukangokhudza pansi ndiye kuti chasanduka chomanga. Mlembi wawo ankadutsa pagalimoto masana, n'kutsika kudzasuzumira ngati pakati pa tsinde ndi dothi pali mpata. Choncho a Delmer sankatha n'kupumitsa komwe chiuno. Tsiku lina kunabwera mphepo yamkuntho, ambulera inadzaza mpweya n'kuwakoka mkuluyo kuwoloka naye msewu, zidendene zawo n'kulima mizere iwiri pa kapinga wa a Burl. A Burl sanafunse ngati mnzawo wavulala. Anagwada kuyang'ana mizereyo, ndipo anatha masiku atatu osawalankhula.

Kunyumba ya okalamba, funso la mayi Ozella linali limodzi nthawi zonse. Ankadikira amuna awo akhale pansi, avule chipewa, kenaka ankati, "Mtengo?" Iwo ankayankha kuti uli bwino. Za ambulera sanawauze, koma nesi wina anali ataona chithunzi chawo pafoni ndipo anawasonyeza mayiwo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, theka la pakamwa limene linkagwirabe ntchito n'kumwetulira, ndipo anati amuna awo ndi chitsiru. A Delmer anabwerera kunyumba tsiku limenelo mtima uli mbee.

Ndipo mtengo unapulumuka. Mu Okutobala masamba ake anafiira bwinobwino monga amachitira, mbalame n'kubwera kudzadya tizipatso take. A Delmer anapinda ambulera, nkhope yawo itapsa mbali imodzi, akuyenda chopendekera ngati basi yophwa tayala. Akanalekera pomwepo, nkhani ino bwenzi kulibe. Koma munthu amene waima miyezi iwiri padzuwa chifukwa cha mtengo sangathenso kuusiya. Ankautulukira m'mawa uliwonse, kuusisita, kuufunsa ngati wagona bwino.

Masamba atagwa mu Novembala, zala zawo zinapeza chinthu. Kunsonga kwa kanthambi kalikonse kunali kotupa, kolimba, kotuwa, konga kamutu ka anyezi wamng'ono. Anagwira kanthambi kena, n'chimodzimodzi. Kena, n'chimodzimodzi. Mtengo wonse unali utatupa nsonga. Anathamangira m'khitchini, m'dilowa mmene mayi Ozella ankasungamo timapepala ta alangizi a zaulimi, n'kutenga kokamba za matenda a dogiwudu kupita nako kwa a Burl. A Burl anavala magalasi n'kuwerenga mokweza kuti pali kantchentche kena kamene kamaikira mazira kunsonga za nthambi, nsongazo n'kutupa, ndipo mankhwala ake ndi kudula zotupazo n'kuzitentha. Panali chithunzi, koma mayi Ozella anakhazikapo kapu ya khofi zaka zambiri zapitazo, moti chinkaoneka ngati mapu. Anthu awiriwo, mmodzi wosaona bwino, wina wodana ndi mitengo, anagwirizana kuti matenda ake ndi omwewo.

Ntchitoyi inatenga masiku atatu. A Delmer ankadula ndi sizasi ya akazi awo, a Burl atagwira makwerero, ndipo popeza maso a Burl anali akuthwa, ankaloza tonse totsala. "Kumanzere kwanuko kuli kena. Kumwambako. Musakasiye, kadzapatsira tinzake." Sanasiye kalikonse. Anatentha zonse m'mbaula yowotchera nyama, n'kudya nyemba ndi chigumu pambali pake, akuuzana kuti pakanapanda iwo mtengowo bwenzi utapita.

Mayi Huffaker anabwera mu Febuluwale monga analonjezera, atavala chikhoti cha pinki, bolodi ya mapepala ili m'manja. Anazungulira mtengowo kamodzi, n'kuzunguliranso, akuyang'ana m'mwamba. A Delmer, chifuwa chili patsogolo, sanadikire kufunsidwa. Anafotokoza zonse, za ambulera, za mphepo, za matenda otupitsa nsonga ndi mmene anawagonjetsera. Mayiwo anasiya kulemba. Anafunsa kuti zotupazo zinkaoneka bwanji, ndipo a Delmer anawasonyeza ndi zala kukula kwake.

"Bambo Ownby," anatero mayiwo mofatsa kwambiri, "amenewo anali maluwa."

"Ayi mayi, maluwa amabwera mu Epulo."

"Amatsegula mu Epulo. Amamangidwa chilimwe, n'kugona kunsongako chisanu chonse. Mwadula angati?"

A Delmer anayang'ana tsidya lina la msewu. A Burl, amene anali ataima pakhonde kumvetsera, analowa m'nyumba mwawo mwakachetechete n'kutseka chitseko.

"Onse," anatero a Delmer.

Mayi Huffaker sanali munthu woipa, ngakhale ineyo za makomiti ndilibe nazo chikondi. Ananena kuti mtengowo uli ndi moyo, ndi wathanzi kuposa yambiri imene aona, ndipo chaka chinacho udzachita maluwa osaneneka. Koma chaka chino udzangotulutsa masamba, ndipo komiti singakhotetse magalimoto mazanamazana kukaona masamba. A Delmer anafotokoza za akazi awo ndi za basi. Mayiwo anapukuta m'maso, n'kulemba pabolodi paja kuti Msewu wa Hatcher wachotsedwa.

Kuchokera pamenepo a Delmer anagogoda paliponse. Mkulu wa kunyumba ya okalamba anati basi yawo imaloledwa kuyenda pamene pali mzere pokha, ndi mmene anagwirizanirana ndi a inshuwalansi. Renita pafoni anati, "Adadi, chonde musandiyambe," ndipo mawu ake ankanjenjemera moti bambo ake sanapitirize. Dalaivala wa basiyo, a Lamont, bambo wathupi wokonda kutafuna chotokosera m'mano, anawamvetsera mpaka kumapeto chifukwa madalaivala amalemekezana. Kenaka anati iwo mapu sagwira, sadziwa n'komwe kuti komiti yasankha misewu iti. Amangoyang'ana pansi. Kumene kwapita pinki n'kumene amapita.

Chimene chinkawadya kwambiri a Delmer chinali funso lija la Lachiwiri ndi Lachisanu. Ankayankhabe kuti mtengo uli bwino, ndipo sikunali kunama. Mayi Ozella anali ataonda, akugona nthawi yambiri. Nesi anali atawapachikira kalendala pafupi ndi bedi, ndipo tsiku la ulendo wa basi, Loweruka lachiwiri la Epulo, mayiwo analizunguliza okha ndi dzanja lamanzere, kamzere kokhotakhota.

A Burl anatulukira patatha sabata, atanyamula chigumu chopepesera, ndi nzeru yoti agule maluwa apepala amangirire m'nthambi, poti pawindo la basi ndani angazindikire. A Delmer anati akhala ndi mayi uja zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri ndipo sanathepo kumunamiza ngakhale za kumene kwapita pai wotsala m'filiji. Maluwa alipo kaya palibe, iwo chimene akufuna n'chakuti Ozella aone pakhomo pake. Kenaka a Burl anafunsa, ngati akufunsa za nyengo, kuti kodi penti ya pinki amagulitsa kuti.

Galimoto ya komiti inalemba mzere kumapeto kwa Malichi, ndipo pamphambano ya Msewu wa Hatcher unangodutsa njoo osacheuka. Loweruka lija kutangocha, madoda awiriwo anali pamphambanopo. A Burl anafufuta mzere weniweniwo ndi penti yakuda mtunda wa nyumba zitatu, ndipo a Delmer, ndi chopentera chomangirira kumtengo womwe uja wa ambulera, anayamba kukhotetsa pinki kulowa nayo mumsewu mwawo. Zaka makumi atatu za pachiwongolero sizinawathandize. Mzere wawo unkapita uku ndi uku ngati njira ya munthu wochokera kumowa, penapake n'kukwera pang'ono m'mbali mwa msewu kuzungulira bokosi la makalata la eni ake. A Burl ankakuwa kumbuyo kuti awongole, iwo ankayankha kuti ukuoneka wowongoka. Choipa kwambiri, anayeza penti ya ulendo wopita wokha. Chitini chinauma mzere utangofika pakhomo pawo, pansi pa dogiwudu penipeni, ndipo wobwererera kunalibe. Sitolo inkatsegula naini koloko, koma galimoto yoyamba inafika hafu pasiti eyiti.

Inali ya banja lina la ku Ohio. Anatsatira mzere mokhulupirika, n'kuzungulira ndi bokosi la makalata lomwe, ndipo atafika pamene wathera anaima n'kuzimitsa injini. Anatsika ndi makamera. Anayang'ana mtengo wopanda duwa ndi limodzi lomwe, wongoyamba kutulutsa timasamba tonga makutu a mbewa, anayang'ana mzere, n'kuyang'ananso mtengo. Popeza mzere sunganame, anayamba kujambula. Inafika galimoto yachiwiri, yachitatu, kenaka minibasi ya azimayi a mpingo wina ndi njinga zamoto zisanu. Bambo wina wa kabudula ndi masokosi aatali anafotokozera gulu kuti uwu ndi mtundu wosowa kwambiri wa dogiwudu, umene maluwa ake amaoneka kwa odziwa okha, n'chifukwa chake komiti yauika pamapeto. Anthu anagwedeza mitu, ndipo mayi wina anati wayamba kuwaona.

A Delmer anali atalowa m'nyumba kukamanga taye. Penti inakana kuchoka m'manja. Atatuluka anapeza msewu wadzaza. Nanga basi ikanadutsa pati? Apa ndi pamene a Burl Cagle anachita chinthu chimene ife a mumsewu uno sitidzaiwala. Anaima pakati pa msewu, anayang'ana kapinga wawo komaliza, n'kuyamba kukodola magalimoto kuti akwere pamenepo. Matayala ankamira m'dothi lofewa, a Burl akukodolabe, nkhope atayang'anitsa kumbali ngati munthu amene akubayidwa jakisoni. Njira inatseguka.

Basi inatulukira pamphambano itangokwana hafu pasiti teni. A Lamont anabwera nayo pang'onopang'ono, akutsatira kukhota kulikonse kwa mzerewo mosaphonya, nkhalamba zili m'katimo zikupendekera uku ndi uku. Anaima pamene pinki wathera. Kumbuyo kwawo kunalowa magalimoto ena makumi anayi n'kutseka msewu wonse mpaka kumphambano, mahutala n'kuyamba kulira.

Nesi wa m'basimo anati palibe wotsika, lamulo limatero. A Lamont anachotsa chotokosera m'kamwa n'kunena kuti lamulo limati okwera atsike ulendo ukatha, ndipo iwo akuona kuti mzere watha. Anawonjezera kuti ngakhale akanafuna kubwerera, apolisi adzatenga ola lathunthu kuti amasule chipwirikiti chimenechi. Anakanikiza batani, chitsulo chotsitsira zikuku n'kuyamba kutsika ndi mayi Ozella, atafunda kashawelo ka buluu, ang'onoang'ono ngati mwana wasukulu.

A Delmer anakankha chikukucho kufika nacho pansi pa mtengo. Alendo aja anapatuka, ena akujambulabe. Mayiwo anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, kenaka anatambasula dzanja lamanzere, amuna awo n'kuwaweramitsira nthambi. Anayendetsa chala kunsonga yodulidwa, n'kupita pa ina, n'kupita pa ina.

"Ndani?"

"Ine."

"Onse?"

"Onse. A Burl anagwira makwerero."

A Burl, amene anali atayandikira kuti apereke moni, anabwerera kukalondolera magalimoto. A Delmer anadikira chilichonse chimene chingabwere. Koma mayi Ozella anasiya nthambi ija n'kutembenuzira mutu kukhonde, kumasitepe atatu ndi chitseko chobiriwira.

"Ndilowe," anatero.

Nesi anatsegula pakamwa, a Lamont n'kumufunsa ngati angawathandize kuwerenga okwera, poti iwo masamu amawavuta. Masitepewo chikuku sichikanakwera. Bambo wa masokosi aatali uja ndi anyamata atatu a njinga zamoto anachinyamula ngati machira, akuganiza kuti ndi mbali ya chionetsero, ndipo anthu ena anayamba kundanda pamzere kuti nawonso akaone m'nyumbamo, mpaka a Delmer anachita kuwatsekera kunja.

M'nyumba munali zii. Munkanunkha khofi wakale ndi penti. Mayi Ozella anayang'ana mbale zosatsuka, makatani opachikidwa chozondoka, ndi nyuzi zounjikana pampando wawo. Analoza kuwindo la pabalaza. A Delmer anawaika pamenepo, pamene mtengo umaonekera wonse, n'kukhala pansi pambali pawo. Anayamba kupepesa, mawu akuwathawa, koma mayiwo anawagwira dzanja lapinkilo kuti akhale chete. Zimene ananena zinatenga nthawi, liwu lililonse lokhalokha, ndipo a Delmer sanawathandize kumaliza ngakhale limodzi. Anati maluwa ndi a alendo, amatha sabata ziwiri. Iwo chawo chinali timitu tija. Chisanu chonse, amuna awo ali ku basi, ankakhala pawindo pomwepa kutiyang'ana tikudikira.

"Chaka chamawa," anatero atapuma, "musaukhudze."

"Sindidzaukhudza."

"Ine kudzakhala kulibe. Wokuletsani."

A Delmer sanatsutse, poti onse awiri ankadziwa kuti n'zoona. Analira monga amalirira amuna achikulire, mapewa okha akugwedezeka, akazi awo atawagwirabe dzanja. Kunja mahutala anali kulirabe, ndipo mayi wina anali ataima pansi pa mtengo kununkhiza nthambi. Patapita kanthawi mayi Ozella anati akufuna tiyi, wa m'kapu yawo yamaluwa, osati ya pulasitiki.

Madzi atatsala pang'ono kuwira, kunamveka kugogoda. Pakhonde panali wapolisi wamkazi atanyamula kabuku, thukuta lili kamukamu, kumbuyo kwake mayi Huffaker nkhope itafanana ndi chikhoti chawo. Wapolisiyo anayang'ana manja a a Delmer, n'kuyang'ana nsapato zawo zothimbirira, ndipo anafunsa ngati akudziwa amene walemba mzere pamsewu wa boma.

"Ndine, mwanangu. Ndipita nanu kulikonse kumene mukufuna. Koma muyambe mwamasula magalimotowo, ndipo musathamange."

"Bambo, nkhaniyi ndi yaikulu. Ndiyenera kulemba panopa."

"Mulemba. Panopa sindingathe, akazi anga ali pakhomo."

Anatseka chitseko bwinobwino, osachimenyetsa, n'kubwerera kukhitchini kukafunafuna kapu yamaluwa.